Kodi Khoma la Nyumba Yanu Liuza Chiyani Mlendo?

Inu amayi ndi abambo a ku Nguludi ndi midzi yonse yozungulira, mvula ikatha ndipo chimanga chikalowa m'nkhokwe, imeneyo ndiyo nyengo yozira ndi kukonza nyumba. Mlendo akalowa m'nyumba mwanu, asanalandire ndi madzi omwe, maso ake ayamba aona khoma. Tsono tiyeni tikambirane za zoyenera kuikapo.

Kukometsa khoma sikudabwere ndi Azungu ayi. Ku Chongoni, m'dera la Dedza, makolo athu adajambula zithunzi pamiyala ndi dothi loyera, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidawerengera malowo pa chuma cha dziko lonse lapansi. Dothi lokometsera muli nalo inunso. Katondo apatsa kufiira, makande a kudambo apatsa kuda, ndipo laimu kapena phulusa losefa liyeretsa. Mayi waluso atha kulemba maluwa ndi mizere pakhoma osataya ndi tambala yomwe. Koma yambani mwamata ming'alu yonse, nimudikire kuti khoma liume.

Kunena za zopachika, sankhani zowerengeka koma zokhala ndi tanthauzo: chithunzi cha ukwati wanu, cha agogo, kalendala ya chaka chino, mtanda kapena mawu a chipembedzo chanu. Lichero latsopano, nsengwa kapena kansalu kopeta nazonso zikongoletsa ndithu. Musaunjike zonse pamodzi ngati m'sitolo ya ku Limbe. Chachikulu chikhale pakati, zazing'ono m'mbali mwake, molingana ndi maso a munthu woimirira, ndiko kuti ngati mita imodzi ndi theka kuchokera pansi. Pakhoma la zidina msomali sugwira bwino. Khomerani kamtengo kouma kolimba pakati pa zidinazo, ndipo msomali ulowe m'kamtengoko, mutu wake utaloza m'mwamba pang'ono.

Chithunzi chili ndi adani atatu. Woyamba ndi dzuwa: likamawomba pa chithunzi tsiku ndi tsiku, nkhope zifwifwa mpaka kuzimirira. Wachiwiri ndi utsi, umene udetsa pepala. Chifukwa chake musapachike chithunzi m'nyumba yosonkhamo moto kapena pamwamba pa koloboyi. Wachitatu ndi chinyezi. Khoma limene mvula imawombako, kapena la pansi pa denga lodontha, lichititsa chithunzi nkhungu nichimamatira ku galasi.

Ena akonda kumata nyuzipepala khoma lonse. Poona zioneka bwino, koma akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuseri kwa mapepalawo ndiko kubisala nsikidzi ndi mphemvu, ndiponso pepala louma ligwira moto msanga. Ngakhale zithunzi za m'mafulemu muzizitsitsa kamodzi pamwezi, nimupukute kuseri kwake ndi kuona ngati chiswe chayamba njira. Akadza a zaumoyo kudzapopera mankhwala ophera udzudzu, chotsani zonse za pakhoma, ndipo musazire kapena kupaka laimu pambuyo pake kufikira iwo atakuuzani, pakuti mukatero mukwirira mankhwalawo.

Pali chinthu chinanso chachikulu. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa nyumba zambiri m'boma lino la Chiradzulu, ndipo zimene zidali pamakoma zidapita pamodzi ndi makomawo. Mpando ugulika wina, koma chithunzi cha mayi wanu amene adatisiya mukachigula kuti? Chotero satifiketi yeniyeni ya mwana musaipachike. Ikulungeni m'pulasitiki, muisunge m'chitini chotseka bwino pamalo okwera, ndipo pakhoma pakhale fotokope. Zithunzi zakale nazo muuze mwana azijambule pa foni.

Kumbukirani John Chilembwe, amene adayambitsa mishoni ya PIM ku Mbombwe m'chaka cha 1900. Iye adaphedwa mu 1915 ndipo tchalitchi chake chidagumulidwa, koma nkhope yake tiidziwa kufikira lero chifukwa zithunzi zake zidasungika. Inunso tengani pensulo, mulembe kuseri kwa chithunzi chilichonse dzina la munthuyo, mudzi wake ndi chaka. Mukatero, adzukulu anu sadzafunsa kuti, "Kodi awa ndi ayani?" popanda wowayankha.