KALATA YAFIKA, NANGA NDALAMA?

Palibe tsiku lokondweretsa banja monga limene mwana alandira kalata yomuitana ku yunivesite. Amai aliza nthungululu, atate nauza aliyense wopita panjira. Koma usiku, ana atagona, makolo ayang'ana pepala laciwiri, lija la malipiro, ndipo cimwemwe cizilala. Ambiri a ife tinaonapo mwana wanzeru akutsala pakhomo, kalata yake iri m'sutukesi. Comvetsa cisoni ncakuti kawirikawiri thandizo linalipo, koma banja linacedwa kulifunafuna.

Kale thandizo la boma linali kudzera ku Bursaries Committee. M'caka ca 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, lodziwika kuti HELSB. Bungweli limakongoza ophunzira a m'mayunivesite a boma monga UNZA ku Lusaka, Copperbelt ku Kitwe, Mulungushi ku Kabwe ndi Chalimbana ku Chongwe. Nkhongoleyo imathandiza pa malipiro a maphunziro, malo ogona ndi mabuku. Ndalama ya cakudya, imene inacotsedwa mu 2019, inabwezeredwa mu 2023.

Opempha ndi ambiri kupambana amene angathe kulandira, motero pempho losakwanira silipita patali. Wopempha afunika citupa cake cobiriwira ca NRC, zotuluka za mayeso a Geredi 12 ndi kalata ya yunivesite yomulandira, ndipo makope ake akhale odindidwa ndi wolumbiritsa. Ngati mwanayo ndi wamasiye, pafunika umboni wa imfa ya makolo. Apa ndi pamene mabanja ambiri a kumidzi amagwa mphwayi, pakuti tikaika maliro sitiganizira za pepala. Papita zaka khumi, pepala lomwelo likhala khomo la maphunziro a mwana. Tisadikire cilengezo. Mwana akalowa Geredi 12, tiyambe kusonkhanitsa mapepala, ndipo tionetsetse kuti dzina lalembedwa cimodzimodzi paliponse. Ngati pa NRC pali Phiri koma pa zotuluka za mayeso pali Piri, tikonze pasadakhale. A ofesi ya Social Welfare pa boma lathu angatiunikire za ana amasiye ndi olemala. Safunsa anadya phula.

Si mwana aliyense adzapita ku yunivesite. Kuyambira mu 2022, pamene ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lirilonse la phungu, gawo lina limalipirira acinyamata ophunzira nchito zamanja, monga ukalipentala, zamagetsi ndi kusoka, m'masukulu onga Chipata Trades. Mafomu amadzera ku komiti ya citukuko ya wadi yathu. Tifunse kwa akhansala, ndipo tisapereke ndalama kwa munthu wolonjeza kutikonzera malo mseri.

Pali cina coyenera kukambirana tisanasaine. Thandizo la CDF ndi mphatso, koma la HELSB ndi nkhongole yokhala ndi ciwongoladzanja. Mu 2018 boma linayamba kutolera ndalama kwa amene anathandizidwa kuyambira mu 2004, ndipo ambiri anadzidzimuka poona malipiro awo a pamwezi atadulidwa. Mwana adziwe zimenezi tsopano, kuti asankhe maphunziro mwanzeru ndi kulimbikira kufikira atatsiriza. Adziwenso kuti ndalama zimene adzabweza ndizo zidzaphunzitsa mng'ono wake, kapena mwana wa mnansi amene lero akuweta mbuzi.

Tsono madzulo ano tiyeni titsegule sutukesi ija, tione mapepala amene alipo ndi amene akusowa. Tsiku lotsekera mapempho likafika, siliyembekeza kuti tigulitse cimanga.