Mpweya Wosanunkha wa M'mbaula ya Makala

M'miyezi ya Juni ndi Julaye, chiperoni chikakuta phiri la Chiradzulu ndipo chisanu chikatsikira ku Mbulumbuzi ndi ku Namitambo, mabanja ambiri amalowetsa mbaula m'nyumba akatha kuphika, natseka chitseko ndi mazenera kuti mutenthere. Ambiri amayamba adikira kuti makala afiire psuu ndi kuleka kufuka, poganiza kuti utsi ukatha ngozi yathanso. Apa ndi pamene pagona vuto, pakuti makala oyaka m'chipinda chosapita mphepo amatulutsa kaboni monokisaidi, mpweya umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo sutsokomoletsa kapena kutulutsa misozi monga umachitira utsi wa zitsononkho ndi mitengo ya nandolo.

Mumpweya umene munthu amapuma, magawo 21 pa 100 alionse ndi okosijeni, ndipo okosijeniyu akafika m'mapapo amatengedwa ndi himogulobini, chinthu chofiira cha m'magazi chimene ntchito yake ndi kumusenza ndi kukamutula ku ubongo, ku mtima ndi ku ziwalo zina zonse. Kaboni monokisaidi amakakamira pa himogulobini mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, kotero kuti ngakhale atakhala wochepa m'chipinda, amalanda malo pang'onopang'ono usiku wonse, ndipo okosijeni wotsalayo magazi samutulanso mosavuta. Munthu amapuma bwinobwino, chifuwa chikukwera ndi kutsika, pamene ubongo wake ukufa ndi njala ya mpweya.

Zizindikiro zoyamba ndi litsipa, chizungulire, nseru ndi kulefuka kwa thupi, zimene aliyense angazitche malungo. Chosiyanitsa n'chakuti onse ogona m'chipinda chimodzi amadwalira pamodzi, ndipo amapezako bwino akatuluka panja. Wogona tulo samva chilichonse mwa zimenezi, amangopitirira kukomoka. Banja likapezeka lili chikomokere m'mawa, pamudzi sipachedwa kumveka za ufiti kapena za chiphe m'ndiwo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti anthu osalakwa amalozedwa chala pamene mbaula ya phulusa lozizira ili pomwepo pakona. Nyumba zamakono za malata, zopaka simenti ndi zotseka bwino, zimasunga mpweyawu kwambiri kuposa za udzu, zimene denga lake limapuma.

Ngakhale kuchipatala matendawa amatha kubisala. Kachipangizo kamene anamwino amapanitsa pachala poyeza okosijeni m'magazi kamayang'ana kufiira kwa magazi pogwiritsa ntchito kuwala, ndipo sikasiyanitsa himogulobini yonyamula okosijeni ndi yonyamula kaboni monokisaidi, popeza zonse n'zofiira. Motero kangathe kuonetsa 98, ngati kuti okosijeni ndi wokwanira, pa wodwala amene ali kayakaya. N'chifukwa chake woperekeza wodwala ku chipatala cha boma cha Chiradzulu kapena ku Nguludi ayenera kunena msanga kuti m'chipinda munagona mbaula, pakuti mawu amenewo ndiwo amatsogolera dokotala kumene chipangizo chalephera.

Chithandizo choyamba ndi kutsekula zitseko ndi kumutulutsira wodwala panja, osamumwetsa kanthu ngati wakomoka. Panja, theka la mpweya woipawo limachoka m'magazi pakatha maola 4 kapena 5, pamene ndi okosijeni wokwanira wa kuchipatala nthawiyo imatsika kufika pafupifupi ola limodzi ndi theka. Mayi woyembekezera ayenera kupita kuchipatala ngakhale akudzimva kuti watsitsimuka, chifukwa magazi a mwana wosabadwa amagwira mpweyawu kwambiri ndipo amachedwa kuutaya kuposa a mayi wake.