Olemala Naonso Afuna Kuona Chakwela Makumbi

Caka ndi caka, mvula isanagwe, khamu la anthu limasonkhana ku Chongwe pa mwambo wa Asoli wa Chakwela Makumbi, pamene Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II imapempha mvula ndi kubzala mbeu zoyamba. Koma kwa munthu woyenda pa njinga ya olemala, misonkhano yotere ndi yobvuta, pakuti mawilo amatitimira mumcenga, ndipo akafika pabwalo amangoona misana ya anzace.

Lamulo lilipo. Dziko la Zambia linabvomereza pangano la United Nations la ufulu wa olemala mu 2010, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Persons with Disabilities Act. Lamuloli likuti olemala asatsekerezedwe pa malo ofikapo anthu onse, ngakhale a masewera ndi zosangalatsa. Bungwe la ZAPD ndilo limayang'anira zimenezi.

Zofunika si zodula ai: njira yotsendereka bwino, cimbudzi ca khomo lalikulu, malo akutsogolo pabwalo, ndiponso njira yopendekeka m'malo mwa masitepe, yokwera mita imodzi pa mamita 12 alionse. Nduna zikamema anthu, nchito yambiri ingatheke ndi makasu okha, mwambo usanafike.