Ana Athu Akaonenso Mbalame ku Liwonde

Tili ndi mawu kwa akuluakulu a m'maofesi ndi aphunzitsi amene ali ndi mabanja. Alendo amaoloka nyanja zamchere kudzaona mbalame za m'nkhalango ya Liwonde, pamene mwana wa ku Balaka kapena ku Machinga, wokhala pakhomo penipeni pa nkhalangoyo, mbalame amaidziŵira pa legeni ndi ulimbo basi. Izi n'zochititsa manyazi.

Nkhalangoyi inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo muli mitundu ya mbalame yopitirira 400. Banja likalaŵira n'kukakhala chete m'mbali mwa Shire, lidzaona nkhwazi, imene ana amangoiona pa chizindikiro cha dziko lathu, ikutsomphola nsomba pamadzi. Magalasi oonera patali akasoŵa, kope ndi pensulo n'zokwanira. Agogo asasiyidwe kumudzi, pakuti maina monga nantchengwa ndi nang'omba akusunga ndi iwowo.

Koma timene tikufunitsitsa kuti ana akaone ndi tizinkhwe tobiriŵira ta nkhope yofiirira, totchedwa Lilian's lovebird pa Chingerezi. M'Malaŵi muno timapezeka makamaka ku Liwonde, ndipo timagona m'mphako za mitengo ya tsanya, mtengo womwewo umene ootcha makala amaukonda. Tambiri tinafanso titamwa madzi m'zithaphwi zimene opha nyama mozemba anathiramo poizoni. Mphunzitsi amene wationa ndi maso ake sadzavutika kufotokoza m'kalasi chifukwa chosungira tsanya.

Nyengo yabwino yopitira ndi chilimwe, madzi akaphwa, pamene tizinkhweti timasonkhana pa zithaphwi zotsala.