Dimba la M'madzi: Zomera Ziyambe, Nsomba Zibwere Pambuyo

Ena mwa inu awerengi amene munafikako ku Lusaka kapena ku Migodi munaona m'mahotela ndi m'masitolo ena thanki lagalasi lodzaza madzi, tinsomba tokongola tikusambira pakati pa zomera zobiriwira. Pa Cingelezi amalicha aquarium. Ambiri akaliona amati ici n'ca eni ndalama okhala m'nyumba za magetsi. Zoonadi makina opopa mpweya ndi osefa madzi amathandiza, koma mbali yaikulu ya nchito ya makinawo ingathe kugwiridwa ndi zomera. Mlimi wodziwa kuokera mbande m'dimba ali nazo kale nzeru zofunika, ndipo thanki lotere lingakhale pakhomo kapena m'kalasi pa sukulu ya kumudzi.

Cimene cimaononga nchitoyi kawirikawiri ndi cangu. Mwana amabwera ndi tinsomba m'botolo, natitsanulira m'madzi oyera bwino a pacitsime, koma pasanathe mlungu tonse tayandama cagada. Akulu amati madziwo ndi oipa, pamene colakwika n'cakuti ndi atsopano. Nsomba imatulutsa m'madzi ululu wochedwa amoniya, ndipo cakudya cotsala cikaola cimaonjeza ululu womwewo. Mu mtsinje ululuwo umasungunuka m'madzi ambiri. M'thanki ulibe kopita, pokhapokha mutakhala zomera zouyamwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya, timene timausandutsa cakudya ca zomera, conga cimene cimanga cimapeza m'feteleza wobereketsa. Kuti tizilomboti ticuluke mokwanira pamapita milungu 4 kufikira 6.

Nzeru imeneyi si yatsopano. M'caka ca 1850, Bambo Robert Warington, katswiri wa zamankhwala wa ku London, anafotokozera akatswiri anzake za mmene anasungira tinsomba tiwiri m'cotengera cagalasi ca magaloni 12 pamodzi ndi comera cochedwa Vallisneria. Masana comeraco cinali kupatsa nsomba mpweya wabwino, nsombazo n'kumacipatsa cakudya. Masamba akale atayamba kuola ndi kudetsa madzi, iwo anaikamo nkhono zingapo kuti zidye zoolazo, ndipo madzi anayeranso. Patangopita zaka zitatu, mu 1853, malo osungirako nyama a ku London anatsegula nyumba yoyamba yoonetseramo nsomba kwa anthu onse.

Tsono thanki loyambira lisakhale laling'ono kwambiri, pakuti madzi ocepa amaipa msanga ndiponso amazizira msanga. La masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu limalowa malita 54, ndipo amisiri odula magalasi m'tauni angathe kukumatirani ndi silicone. Likadzaza limalemera kuposa thumba la cimanga la makilogalamu 50, motero pamafunika thebulo lolimba ndi losapendekeka. Sankhani malo thanki likali lopanda kanthu, cifukwa kulinyamula muli madzi ndiko kuliswa. Malo abwino ndi pafupi ndi zenera pamene pamawala tsiku lonse koma dzuwa silimenya pagalasi. Dzuwa likamamenya, madzi amatentha ndipo ndere zimakuta zonse. Amene ali ndi nyale ya sola angaiyatse pamwamba pa thanki maola 6 kufikira 8 pa tsiku.

Pansi yalani dothi la masentimita 2 kapena 3, pamwamba pake mcenga wa maso akulu kapena tinsangalabwi totsuka bwino, a muyeso womwewo. Njira yoyala dothi pansi inachuka kwambiri ndi buku la Mai Diana Walstad a ku America la mu 1999. Dothilo likhale lopanda manyowa aawisi ndi feteleza, ndipo lisacokere konse m'munda wa thonje kapena wa ndiwo zopopera mankhwala. Mankhwala ophera tizilombo amapha nsomba ngakhale atacepa cotani. Pa cifukwa comweco, ndowa imene munacapiramo neti ya udzudzu kapena imene munasungunuliramo mankhwala isayandikire thanki, ndipo tsiku limene a zaumoyo abwera kudzapopera m'nyumba, phimbani thanki lonse ndi pulasitiki. Sopo nayenso ndi mdani. Pothira madzi ikani mbale pamcenga kuti madzi agwere m'mbalemo, dothi lisavunduke. Madzi a pompi a m'tauni ayambe agona m'ndowa yosavindikira masiku awiri kuti klorini acoke.

Pa zomera zonse, coyenera kuyamba naco ndi Vallisneria comwe cija ca Bambo Warington. Masamba ake ndi aatali ndi opyapyala ngati udzu, ndipo cimamera cokha m'nyanja za Kariba, Tanganyika ndi Malawi. Cimakonda madzi okhala ndi laimu, monga a zitsime zambiri zokumba ndi makina. Kwirirani mizu yokha, tsinde loyera likhale pamwamba pa mcenga. Cikagwira cimayanga pansi monga kapinga, n'kumaphukira ana apa ndi apo, kotero mbande zisanu kapena zisanu ndi imodzi zingadzaze kumbuyo konse kwa thanki m'miyezi yocepa. Musade nkhawa mukaona masamba akale akufota m'milungu yoyamba. Mbande ya fodya nayo imayamba yagona isanadzuke.

Cina ndi Ceratophyllum, ca masamba ang'onoang'ono ozungulira tsinde ngati mcira wa gologolo. Ici cilibe mizu konse, mumangociponya m'madzi, ndipo cimakula msanga kotero kuti cimalanda ndere cakudya. M'thanki latsopano palibe cina coposa ici. M'masitolo a m'tauni mumapezekanso Anubias wa ku nkhalango za kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndi Java fern wa ku Asia. Ziwirizi zimapirira mthunzi ndipo zimakula pang'onopang'ono, koma zili ndi mwambo wake: tsinde lake lokwawa silikwiriridwa, likakwiriridwa limaola. Limangeni ndi ulusi pamwala kapena pacikuni cimene cakhalitsa m'madzi, mizu idzagwira yokha. Bzalani zomera zambiri pa tsiku loyamba lomwe. Thanki la zomera ziwiri zokha limagonja kwa ndere.

Kwa amene adzatenga zomera kudambo kapena kumtsinje pali cenjezo lalikulu. M'zomera zotere ndimo mumabisala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo tizilombo ta nthendayi timalowa pakhungu la munthu woviika manja kapena miyendo m'madzi. Musatume ana kukazula. Kokani zomera ndi khasu kapena ndodo muli kumtunda, valani magolovesi kapena mapepala a pulasitiki m'manja, cotsani nkhono iliyonse pamodzi ndi mazira ake, amene amaoneka ngati timadontho ta mamina pansi pa masamba. Kenaka sungani zomerazo m'ndowa ya madzi a pacitsime milungu iwiri, mukumayang'ana ngati mwaswa tinkhono tina. Pa mfundo iyi yokha sitingatsanzire Bambo Warington, pakuti nkhono za kwao zinalibe likodzo.

Mwezi ukatha, zomera zitaonetsa masamba atsopano, ndiye nthawi ya nsomba. Pa milungu yodikirayi thanki likhale lovindikira ndi nsalu yopyapyala kuti udzudzu usaikiremo mazira. Yambani ndi tinsomba titatu kapena tinai, n'kumaonjeza pang'onopang'ono kufikira 6 kapena 8. Timatemba ta m'mitsinje yathu n'toyenera cifukwa tinazolowera kuzizira kwa June ndi July, koma timadumpha, motero civindikiro cisacoke. Tinsomba ta m'sitolo tochedwa guppy, tocokera ku South America, timabereka ana amoyo ndipo ana a sukulu amatikonda, koma timavutika madzi akazizira kutsika pa madigiri 18. Usiku wa m'cisanu fundikani thanki ndi bulangete. Bream ndi mlamba asiyeni m'damu: bream ya cifuwa cofiira imadya zomera ngati mbuzi, ndipo mlamba umafukula mizu ndi kumeza anzake.

Nsomba zambiri za m'thanki zimafa ndi cifundo ca eni ake. Kamodzi pa tsiku, cakudya cimene zingathe kumaliza m'mphindi ziwiri, n'cokwanira. Kapenta wosinja pang'ono pokha, wotapa ndi nsonga za zala, amacita bwino, ndipo mphutsi za udzudzu zimene mungapeze m'zitini za kuseri kwa nyumba ndi ndiwo yapamwamba kwa izo. Nsima ndi gaga zimaoletsa madzi. Mlungu uliwonse cotsani gawo limodzi mwa magawo anai a madzi, ndi kuthiramo ena ogona. Musakhuthule thanki lonse kuti mulikwece, cifukwa potero mumataya tizilombo tija munatidikira mwezi wathunthu. Mukaona nsomba zikupuma pamwamba pa madzi m'mamawa, dziwani kuti zaculuka kapena mwazidyetsa mopitirira, pakuti usiku zomera nazo zimagwiritsa nchito mpweya womwewo.

Zomera zikakula mudzafunika kuzidulira, ndipo zodulazo zisafike kumtsinje, kudamu kapena m'ngalande. Dziko lathu linaona kale zimene comera cacilendo cingacite. Khoma la Kariba litatha kumangidwa mu 1959, comera coyandama ca ku Brazil cochedwa Salvinia molesta, cimene cinafalikira m'maiko ambiri monga cokongoletsera mathanki ndi maiwe, cinaswana kotero kuti pofika 1962 cinali citaphimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanja yonse, ndipo mabwato a asodzi anali kulephera kudutsa. Namasupuni wa maluwa okongola uja, wocokera ku South America nayenso, anatseka mbali zina za mtsinje wa Kafue m'zaka za m'ma 1990, nasautsa asodzi ndi a magetsi ku Kafue Gorge. Ziwirizi musazilole m'thanki mwanu ngakhale mnzanu atakupatsani ulere. Guppy nayo ndi mlendo, ikaswana gawirani sukulu ina kapena mnansi amene ali ndi thanki. Zodulira zonse ziyanikeni padzuwa mpaka ziume gwa, kenaka zitayeni pa dzenje la manyowa, ndipo madzi amene mwacotsa m'thanki thirirani mpiru kapena tomato wa kuseri kwa nyumba.