Galimoto ikamanjenjemera ndi besi, khutu nalo lili pa ngozi

Galimoto yoikidwa masipika amphamvu imadziwika isanatulukire. Chimene chimayamba kufika kwa anthu a m'mbali mwa msewu si nyimbo ayi, koma kugwedera kwa nambala puleti ndi kulira kwa chitseko cha buti. Mwini wake amanyadira kuti imeneyo ndiye mphamvu. Komatu phokosolo likusonyeza kuti mphamvu imene anaigula modula ikungothera m'malata.

Mawu alionse ndi kunjenjemera kwa mpweya, ndipo kumayezedwa m'ma hertz, kutanthauza maulendo amene mpweya wanjenjemera pa sekondi imodzi. Khutu la mwana wathanzi limamva kuyambira 20 mpaka 20,000. Besi yogunda pachifuwa ija ili pansi penipeni, cha pakati pa 20 ndi 80. Kuti subwoofer, sipika ya besi, itulutse mawu otsika chonchi imayenera kukankha mpweya wambiri, ndipo m'galimoto yotseka magalasi mpweyawo umasowa kothawira. Umakankha denga, zitseko ndi buti. Chitsulo cha chitseko cha galimoto zing'onozing'ono n'chopyapyala, nthawi zambiri sichikwana milimita imodzi, ndipo lata lililonse lili ndi liwiro lakelake limene limanjenjemera mosavuta. Nyimbo ikangofika pa liwiro limenelo, latalo limayamba kudziimbira lokha. N'chifukwa chake chitseko chimakhala chete pa nyimbo ina n'kusokosa pa inzake.

Amene anaphunzira kusukulu kumene belu linali limu ya galimoto yopachikidwa pa mtengo akudziwa kale mankhwala ake. Ukaimenya imalira nthawi yaitali, koma ukaigwira ndi dzanja imangoti zii. Ntchito ya dzanja imeneyi ndi imene amagwira mapepala omata a labala ya butyl, okutidwa ndi aluminiyamu kumtunda, monga a Dynamat ndi ena. Lata likamapindika, labala yapakatiyo imakokeka n'kusandutsa kunjenjemerako kukhala kutentha kochepa kwambiri kosamveka n'komwe m'manja.

Sipafunika kumata galimoto yonse. Gogodani lata ndi chala. Pamene pali mpindiro kapena powotcherera pamamveka mawu afupi, olimba, ndipo pamenepo mpasiyeni. Pakati pa lata, pamene pali see, pamalira ngati chitini, ndiye pofunika kumata. Pukutani kaye fumbi ndi mafuta, matani, kenaka psinjani mwamphamvu mpaka pasatsale mpweya pansi pake, chifukwa pepala lomatika mwa theka siligwira ntchito ndipo limasunga chinyezi. Awiri mwa malo amene anthu amalakwitsa ndi awa. Ena pofuna kupulumutsa ndalama amamata mapepala a phula otsekera denga lodontha. Galimoto ikakhala pa dzuwa la mwezi wa October, phulalo limafewa, limatsetsereka ndipo fungo lake limadzaza mkati. Ena amatseka timabowo ta pansi pa chitseko osadziwa kuti ndi potulukira madzi a mvula. Dzinja likangodutsa, dzimbiri layamba.

Kugwedera kwina sikuchokera ku lata konse. Ndi pulasitiki yogundana ndi chitsulo, waya wolendewera mkati mwa chitseko, jeke ndi masipanala m'buti, ngakhale makobidi oiwalika m'kabokosi. Galimoto zogwirapo kale ntchito zochokera ku Japan zimene zadzaza m'misewu yathu zimafika timapini ta pulasitiki titatopa kale, ndipo misewu yokumbika imatimaliza. Kusintha timapini, kumanga mawaya ndi kuika siponji yosamwa madzi kuseri kwa nambala puleti ndi ntchito ya ndalama zochepa. Bokosi la subwoofer nalo likhale la thabwa lochindikala, monga MDF ya mamilimita 18, lomatidwa bwino m'makona ndiponso lomangidwa ndi mabawuti. Bokosi longoikidwa pamwamba limadumpha, ndipo pa ngozi limasanduka chida chovulaza anthu.

Nkhaniyi ndi ya zaumoyo chifukwa cha zimene dalaivala amachita mawu akasokonekera. Malata akamasokosa, iye amakweza voliyumu kuti amve bwino, malatawo n'kusokosa kuposa kale. Wolandira zonsezi ndi khutu. Mkati mwake muli kachiwalo kopindana kotchedwa cochlea, momwe muli timaselo tokhala ndi tiubweya tosandutsa kunjenjemera kukhala uthenga wopita ku ubongo. Timaselo timeneti tikafa sitimeranso mwa munthu. Bungwe la NIOSH la ku America limati phokoso la madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) lisapitirire maola 8 pa tsiku, ndipo pa madesibelo atatu alionse owonjezera nthawiyo imadulidwa pakati. Pa 100 malire ndi mphindi 15 zokha. Masipika amphamvu a m'galimoto amadutsa pamenepo mosavuta. Bungwe la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lonse ali pa chiopsezo chogontha chifukwa cha kamvetseredwe kawo ka nyimbo.

Mapapo nawo amakhudzidwa, ngakhale izi zimachitika mwa apo ndi apo. M'chaka cha 2004 magazini ya zachipatala ya Thorax inalemba za anyamata amene mapapo awo anaphwa ali pa phokoso lalikulu la nyimbo, mmodzi mwa iwo ali m'galimoto yokhala ndi bokosi la besi la mawati 1,000.

Ine ndimamvera chisoni kwambiri madalaivala ndi makondakitala a minibasi, amene amakhala m'phokosomo kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, komanso khanda la kumsana limene silingapemphe kuti atsitse. Galimoto yomatidwa bwino imamveketsa nyimbo mosakweza kwambiri, koma kumatako sikuteteza khutu ngati dzanja likupitabe ku voliyumu. Ngati mukufuula kuti amene mwakhala naye pampando akumveni, phokosolo lapitirira. Ngati mukatsika m'galimoto makutu akulira kapena mawu a anthu akumveka ngati akuchokera kutali, musazengereze, kapimitseni. Ku Blantyre amapima makutu pa chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic.