MAFUTA ODZOLA: MULI CHIANI M'BOTOLOMO?

Mwezi wa June ukafika, mwera n'kuyamba kuomba, inu nonse mudziwa chimene chioneka pathupi. Miyendo ya ana ituwa kuti mbuu, milomo isweka, ndipo ku zidendene kuchita ming'alu yoti munthu kuponda pansi alephera. Pamenepo ambiri athamangira ku sitolo, nasankha botolo chifukwa cha fungo lake lokoma kapena chithunzi cha mkazi wosalala chiri panjapo. Musanatulutse ndalama yanu ya mtedza, tembenuzani botololo muone maina ali kumbuyo. Chimene chalembedwa poyamba ndicho chachuluka koposa, ndipo kawirikawiri mupeza mau akuti Aqua. Amenewo ndi madzi chabe.

Dzina lina limene mudzalipeza ndi Petrolatum, ndiye Vaseline yemwe uja timdziwa tonse. Robert Chesebrough wa ku America anaona phala lomata pa zitsulo za pa zitsime za mafuta ku Pennsylvania m'chaka cha 1859, naliyeretsa, ndipo mu 1872 boma lao linampatsa kalata ya umwini. Tsono mvetsani bwino apa. Mlimi akaphimba dimba lake ndi udzu, udzuwo suthira madzi m'nthaka ai. Ungoletsa dzuwa ndi mphepo kuti zisamwe chinyezi chimene chirimo kale. Vaseline ali chimodzimodzi. Mukampaka pa khungu louma gwa, mwaphimba dimba losathirira. Mung'anima, fumbi n'kumamatira, koma phindu lake lichepa. Dzolani mutangochoka kosamba, thupi likali lonyowa pang'ono, ndipo kabotolo kamodzi kadzakugwirirani ntchito ya tiwiri.

Glycerin ntchito yake ndi yina. Iye akoka madzi nawasunga pakhungu, monga achitira manyowa m'munda. Atuluka m'mafuta a zomera kapena a nyama pamene anthu apanga sopo. Amai ambiri amgula payekha, koma wosasungunula amata ngati uchi. Msakanizeni ndi madzi pang'ono m'dzanja, kenaka Vaseline pamwamba.

Zambiri zotsalazo zichokera kwa alimi anzathu. Lanolin ndi mafuta a mu ubweya wa nkhosa, afewetsa bwino, ngakhale anthu ena awayabwa; yesani kaye pa kamalo kakang'ono pamkono. Shea butter ayengedwa ndi amai a ku Ghana, Mali ndi Burkina Faso kuchokera ku njere za mtengo wa kwao. Cera alba ndi phula la njuchi, lomwe ena a inu mulitaya mukatha kufinya uchi. Ndipo mukaona Ricinus communis musadabwe, imeneyo ndi nsatsi imene agogo athu anali kukazinga, kusinja ndi kuphika kuti apeze mafuta odzola. Mafuta ake ngabwino pakhungu, koma njere zake ziri ndi ululu wakupha. Musazisiye pamene ana kapena nkhuku zifika.

Pa mankhwala a ming'alu mudzaona dzina loti Urea, ndipo ndidziwa kuti wina waganiza kale za thumba la feteleza liri m'nyumba mwake. Dzina ndi limodzi ndithu, koma wa m'botolo ngoyeretsedwa ndi kuyesedwa muyeso wake. Pa magawo 10 mwa 100 asunga chinyezi, pa 25 afewetsa chikhungu chokhuthala cha ku chidendene. Wa m'thumba musiyireni chimanga.

Mafuta amene alonjeza kuyeretsa khungu ndi nkhani yina, pakuti ena ali ndi hydroquinone kapena mercury. Woyambayo akakhalitsa asiya mabanga akuda osachoka, wachiwiriyo aononga impso. Botolo lopanda maina a zimene zirimo libwezeni pa shelefu.

Mng'alu ukayamba kutuluka magazi kapena mafinya, mafuta sathandizanso, pitani kuchipatala. Makamaka inu odwala nthenda ya shuga, chilonda cha kuphazi musachigoneke ndi tsiku limodzi lomwe.